Kodi tchuthi cha uchembere ndicho chimachulukitsa ana?

Funso: Ndimagwira ntchito yolandira ndi kulemba ndalama pa sitolo ina yogulitsa feteleza ndi mbewu pa Kasungu boma, ndipo ndathapo zaka zisanu. Mwana wanga woyamba akwanitsa zaka zitatu mu Okutobala. Pano ndine woyembekezera, kusikelo andiuza kuti ndidzachira mu Disembala. Nditawauza abwana anaseka, amvekere, "Tchuthi cholipidwachi ndicho chikukuonongani amayi inu. Mukungobereka podziwa kuti malipiro akupezani muli gone." Anatinso akadzafuna wantchito wina adzalemba mwamuna. Kodi n'zoona kuti tchuthi chimenechi chimachititsa anthu kubereka ana ambiri? Nanga sichindionongera ntchito? Bambo a kunyumba ndi dalaivala pa kampani ina, akuti iwonso amva kuti ali ndi tchuthi chawo. Mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mayi, mawu a abwana anuwo ndawamvapo kambirimbiri, kwa eni masitolo, kwa mamanijala a m'maesiteti, ngakhalenso kwa amayi anzanu amene ali pa mipando. Iwo anena zinthu ziwiri. Choyambacho, choti tchuthi chikuchulukitsa ana, musataye nacho tulo. Chachiwiricho, choti adzalemba mwamuna, ndiye muchitchere khutu, chifukwa m'menemo ndi momwe mwagona vuto lenileni la tchuthi cha uchembere kuno kwathu.

Tiyambe ndi zimene lamulo limakupatsani. Lamulo la zantchito la 2000 limati mayi wolembedwa ntchito apatsidwe tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Pa nthawiyo ntchito yake imawerengedwa kuti sinaduke, ndipo akabwerera ayenera kupeza malo ake omwe aja ndi malipiro omwe aja. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu, ndipo nkhani ikafika ku bwalo, amene ayenera kupereka umboni woti chifukwa chake sichinali mimba ndi bwana, osati mayi. Ogwira ntchito m'boma amapuma miyezi itatu. Mu 2021 aphungu anasintha lamuloli n'kuikamo tchuthi cha abambo, masabata awiri olipidwa kamodzi pa zaka zitatu, komanso mpata woti mayi aziyamwitsa ali pa ntchito, theka la ola kawiri pa tsiku mpaka mwana atakwana miyezi 6. Choncho bambo a kunyumbawo sanamve zabodza. Inunso zaka zitatu zija zidzakhala zitadutsa pofika Disembala, ndiye tchuthi chanu palibe angachikane.

Tsopano tiwerengere limodzi, poti ntchito yanu ndi ya masamu. Tinene kuti mumalandira K200,000 pa mwezi. Masabata 8 ndi ndalama yosapitirira K400,000. Ndalama imeneyi si mphatso yoonjezera ayi, ndi malipiro anu omwe aja amene mukadalandira mukanakhala pa kauntala. Mbali inayo ikani matewera, beseni, zitenje ndi zina zonse zimene anamwino amakuuzani kuti mupite nazo kuchipatala, phala, mtsikana wolera mwana, yunifolomu, fizi ya ku sekondale, mpaka mwanayo adzadziimire payekha patatha zaka 20. Ndani angatenge mimba ya miyezi 9, ndi zoopsa zake zonse, kuti apeze malipiro a miyezi iwiri amene anali ake kale?

Ziwerengero za dziko lathu zikuwatsutsanso abwanawo. Kafukufuku wa zaumoyo amene nthambi ya boma ya NSO ku Zomba imachita anapeza kuti mu 2000, chaka chimene lamuloli linakhazikitsidwa, amayi 10 aliwonse ankabereka ana pafupifupi 63 pa moyo wawo. Mu 2010 anali 57. Pofika 2015 ndi 2016 anali 44. Lamulo lilipo, koma ana akucheperachepera. Komanso mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 yemweyo, amayi 10 a m'tauni ankabereka ana 30 pomwe a kumudzi ankabereka 47. Kodi tchuthi cholipidwa chili kuti, m'tauni kapena kumudzi? Mayi amene amasoka fodya m'chigafa ku Chamama, kapena amene amagulitsa tomato pa Santhe, sanalandirepo tambala ya tchuthi, koma ndi amene ali ndi ana ambiri kuposa namwino kapena mphunzitsi amene amapuma miyezi itatu akulandira. Chimene chatsitsa kubereka kuno ndi sukulu ya atsikana, njira zolera zimene zafika mpaka kumidzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, kuchepa kwa imfa za ana, ndi kuchepa kwa minda.

Koma ndisakunamizeni kuti tchuthi sichikhudza kubereka ngakhale pang'ono. Chimakhudza, kungoti osati momwe abwana anu akuganizira. Mayiko amene anaziyesa kwambiri ndi a ku Ulaya, kumene vuto lawo ndi losiyana ndi lathu: kumeneko boma limadandaula kuti ana achepa.

Ku Austria, mu Julayi 1990, boma linatalikitsa tchuthi cholipidwa kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa zaka ziwiri. Akatswiri awiri a zachuma, Rafael Lalive ndi Josef Zweimüller, anafanizira amayi amene anachira mu Juni ndi amene anachira mu Julayi chaka chimenecho, anthu ofanana m'zonse kupatula lamulo limene linawagwera. Anapeza kuti a mu Julayi aja anachulukirapo pa kubereka mwana wina msanga. Chinawakoka kwambiri n'chakuti mayi akabereka mwana wina tchuthi choyamba chisanathe kapena chitangotha kumene, ankalowa m'tchuthi chachiwiri osafunika kubwerera kaye ku ntchito. Ku Sweden kunachitika zofanana. Kuyambira 1980, mayi akabereka mwana wina pasanathe miyezi 24 ankalandira ndalama ya tchuthi yowerengedwa pa malipiro ake akale aja, ngakhale atakhala kuti anachepetsa maola a ntchito pakatipo. Mu 1986 anafikitsa miyezi 30. Mabanja anayamba kubereka ana otsatizana pafupipafupi. Kwathu kuno tikadati boma likulipira kutumbiza. Kubereka kunakwera mpaka ana 21 pa amayi 10 mu 1990, koma chuma chitavuta kunatsikanso kufika pa 15 zaka khumi zisanathe.

Ndiye mukuona kuti chimene chimasuntha kwambiri ndi nthawi yoberekera, osati chiwerengero cha ana amene banja lidzakhale nawo. Lamulo lathu lija la kamodzi pa zaka zitatu limakokera kwina: limalimbikitsa kutalikitsa mpata pakati pa ana, zomwe zikugwirizana ndi uphungu wa bungwe la zaumoyo la WHO woti mayi adikire zaka ziwiri atachira asanatenge mimba ina. Ine ndili nalo dandaulo langa pa gawo limeneli, chifukwa mimba siyendera kalendala ya ku ofesi, ndipo mayi amene njira yolera yamulephera amalangidwa pa nthawi imene akufuna thandizo kwambiri. Koma kunena kuti lamulo lotereli likuchulukitsa ana ndiye kusaliwerenga.

Kwina tchuthi anachitalikitsa osaona kusintha kulikonse. Norway inachoka pa masabata 18 kufika pa 35 pakati pa 1987 ndi 1992, ndipo ofufuza atalondola mabanjawo kwa zaka zambiri sanapeze kuti anabereka ana ochuluka. Ku South Korea mayi ndi bambo aliyense ankaloledwa kupuma chaka chathunthu, komabe mu 2023 amayi 10 ankabereka ana 7 okha, chiwerengero chotsikitsitsa pa dziko lonse. Nyumba n'zodula, sukulu n'zodula, maola a ntchito ndi aatali, ndipo bambo wotenga tchuthi amayang'anidwa ndi diso loipa ku ntchito. Ku Germany, mu 2007, anayamba kulipira kholo magawo 67 pa 100 a malipiro ake kwa miyezi 12, kuonjezapo miyezi iwiri ngati kholo linalo litenganso tchuthi. Amene anaonjezako kubereka anali makamaka amayi ophunzira, a malipiro abwino, amene kale ankaluza zambiri akasiya ntchito.

Nkhani imene imandiseketsa ndi ya ku Spain, ndipo muwauze bambo a kunyumba. Mu 2007 abambo a kumeneko anapatsidwa masabata awiri, ngati athu ano. Akatswiri a zachuma Libertad González ndi Lídia Farré atafufuza anapeza kuti mabanja amene bambo anali ndi mwayi wa tchuthichi anachedwerapo kubereka mwana wotsatira, ndipo abambo a m'dzikomo atafunsidwa anayamba kutchula ana ochepa kusiyana ndi kale. Munthu akachapako matewera ndi kuchezera ndi khanda lolira usiku wonse, mawu oti "tibereke wina" satuluka msangamsanga. Amayi a m'mabanja amenewo anabwereranso ku ntchito mochuluka.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye lalikulu.

Tchuthi chachifupi kapena chapakati, cholipidwa, chokhala ndi chitsimikizo choti malo ako akukudikira, chimasunga amayi pa ntchito. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Popanda tchuthi, mayi amakakamizika kusankha: abwerere ku kauntala chilonda cha opareshoni chisanapole, kapena asiye ntchito. Ambiri amasiya, ndipo akadzafuna kuyambiranso amakayamba pansi kwa bwana wina, zaka zawo zija zitapita pachabe. Tchuthi chimalumikiza mayi ndi bwana yemwe uja. Izi zimapindulira bwananso, ngakhale ambiri saziwerengera. Inu mwatha zaka zisanu pa sitoloyo. Mukudziwa mlimi amene amalipira ngongole akagulitsa fodya ku Chinkhoma ndi amene amazemba, mukudziwa kusiyanitsa lisiti yeniyeni ndi yokonza, mukudziwa kuti mbewu ya soya imatha sabata iti. Munthu watsopano sangazidziwe zimenezi m'miyezi iwiri, ndipo pophunzirapo ndalama zimasowa.

Tchuthi chikatalika kwambiri, kupitirira chaka, nkhani imatembenuka. Ku Austria kuja amayi anachedwa kubwerera ku ntchito ndipo ndalama zimene ankapeza zinatsika m'zaka zoyambirira. Ku Germany, kumene kuyambira 1992 mayi ankatha kusungiridwa malo mpaka zaka zitatu, ambiri anakhalitsa pakhomo. Anzako amakwezedwa iwe kulibe, makina amasintha, makasitomala amazolowera nkhope ina. Ngakhale ku Denmark, dziko lotchuka ndi chisamaliro cha mabanja, ofufuza anapeza kuti mwana woyamba akabadwa ndalama zimene mayi amapeza zimatsika ndi pafupifupi magawo 20 pa 100 poyerekeza ndi za bambo, ndipo kusiyanako kumakhalapobe patatha zaka zambiri. Koma zimenezo ndi za eni tchuthi cha chaka. Ife ndi masabata athu 8 tili kutali nazo. Vuto lathu ndi kufupika. Pangano la bungwe la zantchito la ILO la 2000 limati masabata asachepere 14. Anzathu a ku Zambia, kungodutsa pa Mwami, anafika pa 14 mu 2019. Ife tikuuza mayi kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, kwinaku tikumuitana ku ntchito mwana ali ndi miyezi iwiri, mwinanso osakwana ngati anayamba tchuthi asanachire.

Nanga bwanji osangotalikitsa? Apa ndi pomwe mawu achiwiri a abwana anu akulowa. Kuno kwathu amene amalipira tchuthi chonse ndi bwana yekha, kuchokera m'thumba mwake. Kwa banki kapena kampani ya mafoni imeneyo si nkhani. Koma kwa mwini sitolo wa antchito anayi, Disembala ndi mwezi umene alimi amaima pamzere kuyambira m'mamawa kufuna feteleza wobereketsa, ndipo iye ayenera kulipira anthu awiri pa mpando umodzi: inu muli kunyumba, ndi wogwirizira. Sindikuwaikira kumbuyo pa mawu achipongwe aja, koma masamu awo ndikuwamva. Ndipo bwana wotere saphwanya lamulo poyera. Amangoti pa tsiku lofunsa ntchito, mtsikana wa zaka 24 amene wangokwatiwa kumene n'kumuuza kuti "tikuimbirani", foni osalira. Mtsikanayo sadzadziwa chifukwa chake, ndipo palibe mlandu umene angakasume.

Ndinakhalapo pa zokambirana za mlandu wina wotere pa esiteti ina. Mayi wina kalaliki anabwerera ku tchuthi n'kupeza pa desiki yake pali mnyamata, iye n'kuuzidwa kuti azikawerenga mabelo ku shedi "mongoyembekezera". Malipiro sanamudule, choncho manijala ankaona ngati palibe cholakwa. Titafunsa chifukwa, anatulutsa buku la malipiro n'kuloza ndi chala mizere iwiri ya mwezi umodzi, dzina la mayiyo ndi la mnyamatayo, amvekere, "Ndalipira kawiri, ndiye ndisankhe amene sadzachokanso." Mayiyo anabwezeredwa pa desiki yake chifukwa lamulo linali kumbali yake. Koma chaka chotsatira ndinamva kuti makalaliki atsopano onse pa esitetiyo anali amuna.

N'chifukwa chake pangano la ILO lija silinena za masabata okha. Limatinso ndalama za tchuthi zizichokera ku thumba la onse kapena ku boma, osati kwa bwana mmodzi payekha. Ku South Africa mayi amapuma miyezi inayi, ndipo gawo la malipiro ake limachokera ku thumba la boma lothandiza antchito lotchedwa UIF, limene wantchito aliyense, mwamuna kapena mkazi, amaponyamo 1 pa 100 ya malipiro ake, bwana n'kuponyamonso 1 pa 100. Zikatero, kulemba mkazi ndi kulemba mwamuna mtengo wake umayandikana. India inatenga njira inayo: mu 2017 inakweza tchuthi kuchoka pa masabata 12 kufika pa 26, koma katundu yense n'kumusenzetsa bwana, ndipo nkhawa imene inabuka nthawi yomweyo inali yomweyi, yoti makampani ang'onoang'ono azipewa kulemba amayi. Walira mvula walira matope. Ine maganizo anga ndi akuti tikafuna masabata 14 kuno, tiyambe takonza thumba. Njira yosonkhera tili nayo kale, poti pa penshoni bwana amaponya 10 pa 100 wantchito 5 pa 100 mwezi ndi mwezi. Tchuthi cha abambo nachonso chimathandiza pa chifukwa chomwechi: bwana akadziwa kuti mwamunanso adzachokapo mwana akabadwa, phindu losankha amuna okhaokha limachepako. Masabata awiri ndi ochepa, koma Norway nayonso inayamba ndi masabata anayi okha osungira abambo mu 1993.

Tisaiwalenso kuti zonsezi tikukamba za amayi ochepa. Amayi ambiri a m'boma la Kasungu ali ku munda, pa geni, pa ganyu. Lamulo lomwe lija la 2021 linathetsa utenanti pa pepala, koma mkazi amene amathandiza mwamuna wake kuthyola fodya pa munda wa mwini esiteti nthawi zambiri dzina lake silipezeka m'buku la malipiro. Tchuthi chake ndi chikuta basi, akatuluka mwana kumsana, khasu m'manja. Kwa iye chimene chingasinthe zinthu si ndime ya m'lamulo koma sukulu ya mkombaphala yapafupi ndi chipatala chofikirika. Ngakhale kwa inu, chimene chidzagamule ngati mukhalebe pa ntchito chaka chamawa si masabata 8 okha, koma funso loti mu Febuluwale mwanayo mudzamusiyira ndani.

Ndiye chitani izi. Lembani kalata yopempha tchuthi panopa, musadikire Novembala. Ikanimo tsiku loyamba ndi tsiku lobwerera, phatikizanipo chikalata cha kuchipatala, abwana asainire, inu musunge kope yanu kunyumba osati mu kabati ya ku sitolo. Mawu a pakamwa oti "musadandaule, tidzaona" musawadalire: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati muli ndi masiku a tchuthi cha pachaka amene simunatenge, pemphani kuti alumikizidwe ndi masabata 8 aja. Mawu amene ananena aja alembeni penapake, ndi tsiku lake ndi amene analipo. Mwina simudzawafuna, koma zikadzavuta, a ku ofesi ya zantchito ya pa boma adzakufunsani zimenezo, ndipo ikakanika pamenepo nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito.

Kwinaku apeputsireni abwanawo katundu pamene mungathe, osati chifukwa lamulo likukukakamizani, koma chifukwa mudzagwira nawobe ntchito. Auzeni kuti wogwirizira abwere mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala kuti mumuphunzitse mzere wa alimi usanayambe. Mabuku a ngongole muwasiye ali oyera, ndipo tsiku lomaliza muwerengere limodzi katundu ndi ndalama, nonse musainire. Ndaonapo amayi akubwera ku tchuthi n'kupeza akunamiziridwa shoteji imene inachitika iwo ali m'chikuta.

Za theka la ola loyamwitsa lija mukambirane musanapite. Ngati mumakhala kutali ndi sitolo, mphindi 30 zingathere pa kabaza, choncho ena amagwirizana ndi abwana kuti aziphatikiza n'kumaweruka ola limodzi msanga, kapena wolera mwana azibwera naye masana. Bambo a kunyumba nawonso alembe kalata yawo ku kampani mwezi uno. Masabata awo awiriwo muone nokha pomwe adzathandize kwambiri. Ngati amayi anu kapena apongozi adzabwera kudzakhala nanu masiku oyambirira, afunseni a ku kampaniko ngati angalole kuti bambowo adzatenge masiku awo mochedwerako, agogo akadzabwerera kumudzi kukapalira, pamene inu mudzatsale nokha ndi khanda ndi mkulu wake wa zaka zitatu uja.